Zenera likauma: mavuto a mapulogalamu a mazenera ndi mabatani, ndi kumene amachokera

Pa Windows pali lamulo la masekondi 5. Pulogalamu ikatha masekondi 5 osabwera kudzatenga mauthenga amene akuidikira, Windows imaphimba zenera lake ndi chithunzi chotuwa, n'kulemba pamwamba kuti "Not Responding". Pa macOS mumaona kampira ka mitundumitundu kakungozungulira. Wogwiritsa ntchito amangoti pulogalamu yafa, n'kuitseka mokakamiza. Koma nthawi zambiri imakhala isanafe. Imakhala ili kalikiliki kuwerenga fayilo yaikulu, kudikira seva, kapena kuwonkhetsa mizere zikwizikwi ya mu database. Ntchitoyo ndi yoyenera ndithu, kungoti ikugwiridwa ndi wantchito wolakwika.

Amene anayamba kuphunzira ndi mapulogalamu a sikirini yakuda, aja ofunsa funso n'kudikira yankho, amazolowera kuti pulogalamu imayenda kuchokera pamzere woyamba kutsika mpaka womaliza, wolemba n'kumalamula kuti ichi chikatha pabwere ichi. Pulogalamu ya mazenera siyenda choncho. Ikamanga zenera lake imalowa m'kachigawo kongozungulira: tenga uthenga, upereke kwa mwini wake, bwerera, tenganso wina. Kuzungulira kumeneku ndiye event loop. Chida chilichonse chomangira mazenera chili ndi njira yake: mu Tkinter ya Python mumakuyambitsa ndi mainloop, mu Qt ndi exec, mu Windows Forms ndi Application.Run, ndipo olemba m'chiyankhulo cha C molunjika pa Windows amakulemba okha ndi GetMessage, TranslateMessage ndi DispatchMessage. Uthenga ndi chilichonse chimene chachitika: mausi yasuntha, batani ladinidwa, chilembo chatayipidwa, zenera lakulitsidwa, nthawi imene munatchera yakwana. Ngakhale kujambula zenera lenilenilo kumadikira pamzere womwewo, ndipo mzere wonsewo umasamalidwa ndi thread imodzi yokha, ndiko kuti wantchito mmodzi mkati mwa pulogalamu amene amagwira zinthu chimodzichimodzi.

Zili ngati golosale ya wogulitsa mmodzi. Malinga ngati aliyense akufuna sopo kapena machesi, mzere umayenda osaoneka n'komwe kuti ulipo. Koma wina akamutuma wogulitsayo kuti akawerenge matumba onse a shuga ali kumbuyo, pakauntala pamatsala popanda munthu, ndipo amene afika kumene amaganiza kuti golosaleyo ndi yotseka. Function (kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito inayake) imene mwailumikiza ku batani imagwiridwa ndi wogulitsa yemweyo, ndipo mpaka itamaliza palibe china chimene chingachitike pazenera.

Pali chitsanzo chimene pafupifupi aliyense woyamba kumene amakumana nacho. Mwalemba kuti batani likadinidwa, mawu a pa label, kamalo koonetsa mawu pazenera, asinthe akhale "Dikirani", kenako pulogalamu ikatenge zinthu pa intaneti, ikamaliza mawuwo akhale "Zatheka". Mukuyesa, zenera likungoti gwaa kwa masekondi angapo, kenako "Zatheka". Mawu akuti "Dikirani" simunawaone n'komwe. Anthu amataya nthawi yambiri apa kufufuza chimene chavuta ndi label, pamene label ilibe mlandu. Mutasintha mawuwo, chida chanu chomangira mazenera sichinajambule pompo. Chinangolemba kuti kachigawo aka kakufunika kujambulidwanso, n'kusiyira event loop kuti idzachite ikapeza mpata. Pa Windows uthenga wojambula, WM_PAINT, umaperekedwa pamene mauthenga ena ofunika kwambiri atha pamzere. Mpatawo unapezeka function yanu itamaliza, ndipo panthawiyo mawu anali atasintha kale kachiwiri. N'chifukwa chakenso progress bar imatha kukhala pa 0 nthawi yonse n'kudumphira pa 100 kumapeto. Ndipo time.sleep yoikidwa mkati mwa function ya batani sipatsa zenera mpata wopuma monga ena amaganizira, imangogoneka wantchito yekhayo amene akanajambula.

Nthawi imene muli nayo ndi yochepa kuposa masekondi 5 aja. Sikirini wamba imajambulidwa ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti pakati pa chithunzi ndi chinzake pali mamilisekondi pafupifupi 16. Function ikatenga nthawi yoposa pamenepo, kanthu koyenda pazenera kamayamba kudukizadukiza. Ikapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, munthu amayamba kumva kuti batani lachedwa kuyankha. Pofika masekondi 5 amakhala atadina kale kangapo, ndipo kudina konseko kumakhala kuli pamzere kudikira kuti kudzachitike kamodzi n'kamodzi zenera likadzuka.

Kupeza malo amene pulogalamu yaumira si kovuta ngati simukungolota. Iyendetseni mu debugger, chida chofufuzira zolakwa, ikauma iimitseni, muone mndandanda wa ma function amene thread yaikulu, ija yosamalira zenera, ili mkati mwake. Ngati pamwamba pali kuwerenga socket (khomo lolumikizirana ndi intaneti), kudikira database kapena lupu yanu (malamulo obwerezabwereza), mlandu watha. Olemba Python ali ndi py-spy, imene lamulo lake la dump limaonetsa pamene thread iliyonse yaima popanda kuzimitsa pulogalamu. Olemba Java ali ndi jstack, ndipo amayang'ana thread imene dzina lake limayamba ndi AWT-EventQueue. Muonenso ngati purosesa ili yotanganidwa kapena ili chete. Ikakhala yotanganidwa ndiye kuti pali kuwerengera kolemera kapena lupu yosatha. Ikakhala chete pamene zenera lauma, pulogalamuyo ikudikira chinachake, ndipo funso ndi lakuti ikudikira yani.

Mankhwala amene amafulumira kubwera m'maganizo ndi oopsa. Zida zambiri zili ndi lamulo louza event loop kuti isamalire mauthenga amene alipo pompano: processEvents mu Qt, Application.DoEvents mu Windows Forms, update mu Tkinter. Mukaliika mkati mwa lupu yanu zenera limatsitsimuka, progress bar n'kuyamba kuyenda, inu n'kusangalala. Koma mwatsegula khomo muli pakati pa ntchito. Munthu akhoza kudinanso batani lomwelo, function yanu n'kuyamba kachiwiri isanamalize koyamba, zonse ziwiri zikulemba mufayilo imodzi. Akhoza kutseka zenera, lupu yanu n'kupitiriza kulankhula ndi ma widget (zinthu za pazenera monga mabatani ndi ma label) amene kulibenso. Mu kapulogalamu koyeserera mungalekerere, koma mu pulogalamu yosunga ndalama za anthu kapena mbiri za odwala, ine sindingalole lamulo limeneli kukhalamo.

Njira zolongosoka zilipo, ndipo si zonse zimene zimafuna thread. Ngati ntchito ikhoza kudulidwa m'tizidutswa, iduleni: gwirani mizere 200, bwererani ku event loop, tcherani nthawi kuti mudzapitirize. Tkinter ili ndi after, Qt ili ndi QTimer, GTK ili ndi timeout_add ndi idle_add za mu GLib. Ngati ntchitoyo ndi yongodikira intaneti, gwiritsani ntchito njira zimene sizidikira: QNetworkAccessManager ya Qt imatumiza pempho n'kubwerera pompo, yankho likafika imakudziwitsani ndi signal, chidziwitso chimene zinthu za Qt zimatumizirana, ndipo mu C# async ndi await, zimene zinabwera mu 2012, zimachita chimodzimodzi. Thread yachiwiri ndi ya ntchito imene singadulidwe, kapena library (code yolembedwa ndi ena) imene sidziwa njira ina koma kudikira.

Thread yachiwiri ndi lamulo limene silikhululuka

Vuto la kuuma likatha ndi thread, lina lovuta kuposa loyambalo limayamba. Pafupifupi zida zonse zikuluzikulu zimagwirizana pa lamulo limodzi: ma widget amakhudzidwa ndi thread imene inawapanga yokha basi. Qt, imene Haavard Nord ndi Eirik Chambe-Eng anayamba kuilemba ku Norway mu 1991, ili ndi lamulo limeneli. GTK, imene inabadwira mu pulogalamu ya zithunzi ya GIMP, ili nalo. Swing ya Java imati zonse zichitikire pa Event Dispatch Thread. AppKit ya Apple imafuna thread yaikulu. Si kuti onsewa anachita ulesi. Widget iliyonse ndi yolumikizana ndi makolo ake, ana ake ndi mzere wa mauthenga, ndipo mauthenga amakwera kuchokera pansi pamene malamulo a pulogalamu amatsika kuchokera pamwamba. Kuika maloko panjira ziwiri zosemphana chonchi kumabala ma thread odikirana mpaka kalekale, choncho opanga zida anasankha wantchito mmodzi.

Kuipa kwa kuphwanya lamuloli n'kwakuti chilango sichibwera tsiku lomwelo. Thread yanu yachiwiri ikhoza kumalemba pa label kwa masabata popanda chovuta, mpaka tsiku limene kulembako kudzakumanizane ndi kujambula, pulogalamu n'kuzimiratu popanda uthenga, kawirikawiri pa kompyuta ya kasitomala osati yanu. Zida zina zimakuthandizani pokuwa msanga. Windows Forms, mukamayendetsa mu debugger ya Visual Studio, imaponya InvalidOperationException yonena kuti "Cross-thread operation not valid". Ena amathamangira kuzimitsa chenjezoli poika CheckForIllegalCrossThreadCalls kukhala false, vuto n'kutsala pomwepo litangosiya kulankhula. Tkinter nthawi zina imati "main thread is not in main loop". Xcode ili ndi Main Thread Checker kuyambira mu 2017. Qt nthawi zina imalemba chenjezo, nthawi zina imangogwa.

Njira yake ndi yofanana kulikonse ngakhale mayina amasiyana. Thread yachiwiri igwire ntchito yake ndi deta yokha, ikapeza zotsatira iziike pamzere wa thread yaikulu, imeneyo ndiyo isinthe zenera. Mu Swing ndi SwingUtilities.invokeLater kapena SwingWorker. Mu Windows Forms ndi BeginInvoke, mu WPF ndi Dispatcher, mu GTK ndi idle_add. Mu Tkinter njira yodalirika ndi kuika zotsatira mu queue.Queue, thread yaikulu n'kumasuzumiramo pafupipafupi pogwiritsa ntchito after. Mu Qt mumatulutsa signal, ndipo Qt ikaona kuti wolandira amakhala pa thread ina, imasandutsa signal ija uthenga wa pamzere m'malo moitana function pompo.

Pa Qt pali msampha wina umene umakola ngakhale odziwa. Chinthu cha QThread chenichenicho sichikhala pa thread yatsopano ayi, chimakhala pa thread imene inachipanga. Chimene chimayenda pa thread yatsopano ndi zimene zili mkati mwa run zokha. Choncho mukalemba class yochokera ku QThread n'kuikamo slot (function yolandira signal) yogwira ntchito yolemera, slot imeneyo imayenda pa thread yaikulu, zenera n'kuumanso, inu mukulumbira kuti munaikatu thread. Pofuna ma slot oyenda pa thread ina, pangani QObject yapadera muisamutse ndi moveToThread. Ndipo potseka pulogalamu uzani thread iime, muidikire, apo ayi mudzaona "QThread: Destroyed while thread is still running" pulogalamu ikugwa pakhomo potuluka.

Kuuma kwa purosesa yachete kuja kawirikawiri ndi ma thread awiri odikirana. Thread yaikulu yaitana join kudikira wantchito amalize. Wantchitoyo waitana Invoke, imene imadikira thread yaikulu isinthe label. Palibe amene angasunthe. Mu C# zomwezi zimachitika mukalemba Result kapena Wait pa Task muli pa thread ya zenera: ntchito ya async ikufuna kubwerera pa thread imeneyo kuti imalize, koma thread yake ili chiimire kuidikira. Code yomweyo mu pulogalamu ya sikirini yakuda imayenda bwinobwino, ndiye chifukwa chake imasokoneza mutu.

Olemba Python akumbukirenso GIL, loko imene mu CPython wamba imalola thread imodzi yokha kuyendetsa code ya Python panthawi imodzi. Thread yodikira intaneti kapena disiki imamasula lokoyo, choncho zenera limayenda bwino. Koma thread yowerengera masamu olemera mu Python yeniyeni imalimbirana lokoyo ndi zenera, zenera n'kumayenda motsimphina. Ntchito yotere ipite ku process ina, pulogalamu yoyenda payokha, kudzera mu multiprocessing.

Zinthu zosowa popanda wozichotsa

Gulu lina la mavuto limachokera pa funso lakuti chinthu ichi mwini wake ndani. Mu Tkinter mumapanga PhotoImage mkati mwa function, n'kuiika pa label, zenera n'kutseguka lili ndi malo a chithunzi koma opanda kanthu, popandanso uthenga wa cholakwa. Tkinter ndi chovala chabe cha Python pamwamba pa Tk, chida chimene John Ousterhout anatulutsa mu 1991. Label ya ku mbali ya Tk imangosunga dzina la chithunzicho, ndipo Python siwerengera zimenezo ngati umwini. Function ikatha, Python imaona kuti palibe variable imene ikugwira chithunzicho, n'kuchifufuta. Kuchisunga pa self kapena pa label yomweyo kumathetsa nkhani. Mu PyQt ndi PySide, zovala za Python pamwamba pa Qt, zenera lachiwiri lopangidwa mkati mwa function popanda kholo limangophethira n'kuzimirira pa chifukwa chomwechi.

Vutoli limabweranso chobwerera. Mu Qt widget ikakhala ndi kholo, kholo likafufutidwa ana onse amapita nalo. Variable yanu ya Python imatsala ikuloza chinthu chimene ku mbali ya C++ kulibenso, ndipo mukaikhudza PyQt imanena kuti "wrapped C/C++ object of type ... has been deleted". Mu C++ yeniyeni simuuzidwa n'komwe, pulogalamu imangogwa, mwina pamalo akutali ndi pamene panalakwika. QPointer imathandiza chifukwa imasanduka yopanda kanthu chinthu chikafufutidwa. Ndipo widget isafufutidwe ndi delete ili mkati mosamalira uthenga wake womwe, deleteLater ndiyo imadikira kuti event loop ibwerere kaye.

Palinso tizolakwa ting'onoting'ono ta kulumikiza. Mu Tkinter kulemba command=sunga() m'malo mwa command=sunga kumayendetsa function pomanga zenera, batani n'kulandira zotsatira zake, nthawi zambiri None, ndiye mumadina osaona kanthu. Mabatani 10 opangidwa mu lupu ndi lambda (kafunction kopanda dzina) onse amachita za batani lomaliza, chifukwa lambda imawerenga variable panthawi yodina osati yopanga. functools.partial imakonza zimenezi. Signal yolumikizidwa mkati mwa function imene imaitanidwa kawirikawiri imalumikizika kawiri, katatu, mpaka risiti imodzi kutuluka kanayi pa pulinta. Mabokosi awiri osinthana ndalama, lina la kwacha lina la dola, lililonse likusintha linzake pa textChanged, akhoza kuitanana kosalekeza, ndipo QSignalBlocker kapena kugwiritsa ntchito textEdited, imene imalira pokhapokha munthu akatayipa, kumadula mchitidwewo.

Chimene chimakulitsa mavuto onsewa n'chakuti pulogalamu ya mazenera ilibe pokuwira. Cholakwa chikachitika mkati mwa function ya batani, Tkinter imachigwira, n'kuchilemba ku stderr, njira ya mauthenga a zolakwa imene imaoneka pa sikirini yakuda ya terminal, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mukayendetsa ndi pythonw.exe, kapena mwamanga ndi PyInstaller (chida chosandutsa code ya Python kukhala exe) popanda console, uthengawo ulibe kopita. Batani limangooneka ngati lakufa. PyQt5 inasankha njira ina kuyambira pa 5.5: cholakwa chosagwidwa chimazimitsa pulogalamu yonse, pokhapokha mutaika sys.excepthook yanu. Choncho musanayambe kufufuza chilichonse, yendetsani pulogalamu kuchokera pa terminal muwerenge zimene ikulemba, kuphatikizapo machenjezo aja mwakhala mukuwadumpha. Ndipo kuyambira tsiku loyamba ikhale ndi fayilo ya log ndi malo amodzi ogwira zolakwa zonse, report_callback_exception mu Tkinter kapena Application.ThreadException mu Windows Forms. Kasitomala ali kutali sangakufotokozereni zambiri kuposa kuti "yangotseka yokha", koma akhoza kukutumizirani fayilo pa WhatsApp. Pa GTK, G_DEBUG=fatal-warnings imaimitsa pulogalamu pa chenjezo loyamba kuti debugger ikuonetseni pamene lachokera, ndipo GTK_DEBUG=interactive imatsegula GTK Inspector, mmene mumaona widget iliyonse ndi kukula kwake pulogalamu ikuyenda.

Pa kompyuta ya mwini wake

Za maonekedwe sindichedwapo. Widget yosaoneka kawirikawiri sinaikidwe mu layout yoyala ma widget pazenera, kapena ilibe kholo, kapena yapatsidwa malo opanda kukula. Mu Tkinter musasakanize pack ndi grid mwa kholo limodzi, Tk 8.6 imakana ndi uthenga womveka bwino. Ndipo kuika mabatani ndi manambala a pixel owerengera pamanja kumagwira pa sikirini yanu yokha.

Chifukwa chake ndi DPI, kuchuluka kwa madontho pa inchi imodzi ya sikirini. Windows inamangidwa poganiza kuti inchi imodzi ili ndi madontho 96, ndiye 100% imene mumaona m'ma settings. Malaputopu ambiri a masiku ano amabwera atatcheredwa pa 125% kapena 150%, kumene ndi madontho 120 kapena 144. Pulogalamu imene sinauze Windows kuti imadziwa za DPI imajambulidwa pa 96 kenako n'kukokedwa ngati chithunzi, malemba n'kumaoneka mwachimbuuzi. Imene yanena kuti imadziwa koma ili ndi manambala okhazikika imatuluka ndi timabatani tating'ono ndi mawu odukira pakati. Windows 8.1 inabweretsa DPI yosiyana pa sikirini iliyonse mu 2013, ndipo Windows 10 inaikonzanso mu 2017, choncho zenera likhoza kusintha kukula mukalikokera pa projekita. Qt 6, imene inatuluka mu Disembala 2020, imasamalira zimenezi yokha, pamene mu Qt 5 munkayenera kuyatsa nokha. Layout yabwino imapulumutsanso pomasulira. Batani loyezedwa kuti mukwane mawu achingerezi a zilembo zinayi silingakwane "Sungani zosintha".

Zilembo nazo zili ndi vuto lake, ndipo ili limatikhudza mwachindunji. Chilembo cha ŵ, chimene ambiri amalemba m'dzina la Malaŵi, mulibe mu Windows-1252, ndondomeko yakale ya zilembo imene Windows yachingerezi imagwiritsabe ntchito m'malo ambiri. Mu UTF-8 chilembochi ndi ma byte awiri, C5 ndi B5. Pulogalamu ikawerenga fayilo ya UTF-8 poganiza kuti ndi Windows-1252, byte iliyonse imasanduka chilembo chakechake, pazenera n'kutuluka MalaÅµi. Python pa Windows yakhala ikutsegula mafayilo ndi ndondomeko ya kompyutayo ngati simunanene, pamene pa Linux ndi macOS imakhala UTF-8, choncho code yomweyo imapereka zotsatira ziwiri. Nenani encoding nthawi zonse potsegula fayilo. Maonekedwe a cholakwacho amakuuzani kumene chili: zilembo ziwiri zachilendo ndiye kuti mwawerenga molakwika, chizindikiro cha funso ndiye kuti chilembocho chinatayika posunga, ndipo kabokosi kopanda kanthu ndiye kuti deta ili bwino koma font ilibe chilembocho. Kakoma ka m'mwamba ka m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mudzi nakonso kamavutitsa. Word imakasintha kukhala kopindika, kamene pa kompyuta ndi chilembo china, ndiye bokosi lofufuzira limalephera kupeza dzina limene likuoneka poyera pa sikirini. Komanso dzina lokhala ndi kakomaka likamatidwa molunjika mu lamulo la SQL limaswa lamulolo, ndipo mankhwala ake ndi ma parameter osati kuletsa anthu kulemba mayina awo molondola.

Zithunzi ndi mafayilo osowa pa kompyuta ina kawirikawiri ndi nkhani ya foda. Mukalemba dzina la fayilo lokha, pulogalamu imaifuna mu foda imene yayambira, osati mmene muli code. Mu IDE, pulogalamu imene mumalemberamo code, ziwirizi zimakhala chimodzi, koma munthu akadina kachizindikiro ka pa desktop zikhoza kusiyana. PyInstaller ikamanga fayilo imodzi ya exe, poyendetsa imatulutsa zonse n'kuziika mu foda yongoyembekezera imene njira yake ili mu sys._MEIPASS. Ndipo musasunge database pafupi ndi exe mu Program Files, chifukwa wogwiritsa ntchito wamba saloledwa kulembamo. Malo ake ndi AppData, ndipo QStandardPaths imakupatsani foda yoyenera pa Windows, macOS ndi Linux.

Uthenga wodziwika kwambiri kwa olemba Qt ndi uja wonena kuti pulogalamu yalephera kuyamba chifukwa palibe "Qt platform plugin" imene yatheka kuyambitsidwa. Pa Windows ndiye kuti mwakopera exe ndi ma DLL koma mwasiya foda ya platforms mmene muli qwindows.dll, ndipo windeployqt imasonkhanitsa zonsezi yokha. Pa Linux uthengawo umatchula xcb, ndipo umanyenga: nthawi zambiri plugin ilipo, chikusowa ndi library ina imene plugin imadalira. Kuika QT_DEBUG_PLUGINS=1 musanayendetse kumatchula dzina la fayilo yosowayo. Pa Linux pomwepo pali kusintha kwina kumene kukudabwitsa ambiri. Pa X11, dongosolo loonetsera mazenera limene lakhalapo kuyambira 1987, pulogalamu inkatha kuika zenera lake pamalo alionse a sikirini. Wayland, dongosolo latsopano lolowa m'malo mwake, silola zimenezi, malo a zenera amasankha ndi compositor, pulogalamu yoyang'anira mazenera onse, choncho move ya Qt pa zenera lalikulu imangonyalanyazidwa popanda chenjezo. Code yoika zenera pakati pa sikirini kapena yokumbukira pamene linali dzulo sinawonongeke, ikungopempha chinthu chimene sichiperekedwanso. Kuyendetsa ndi QT_QPA_PLATFORM=xcb, kumene kumabwezera pulogalamu ku njira ya X11, kumakuuzani msanga ngati vuto lanu ndi limeneli.

Kompyuta imene mumalembera ndi mboni yosadalirika pa zonsezi, chifukwa ili ndi ma library onse, ma font onse, ufulu wa administrator ndi intaneti yabwino ya mu ofesi. Pulogalamu isanapite kwa eni ake, iyeseni mu virtual machine (kompyuta yongoyerekeza mkati mwa yanu) yoikidwa kumene, yopanda Python, Qt kapena Visual C++ Redistributable, ndi akaunti ya munthu wamba, sikirini ili pa 150%. Lowetsani dzina lokhala ndi ŵ ndi kakoma, mulisunge, mutseke, mutsegulenso. Kenako dinani batani lotumiza zinthu ku seva, muzule chingwe cha intaneti ntchito ili mkati, muyese kukoka zenera ndi mausi. Likakana kusuntha, pali kudikira kwina kumene kwatsalira pa thread yaikulu, ndipo ngati simunaike timeout, malire a nthawi yodikira, pa kulumikizanako, kudikirako kukhoza kutenga mphindi zambiri.